Lamba wa Apongozi Anga

Apongozi anga, mayi Mathilda Likongwe, ankagwira ntchito ya unamwino kunyumba yosamalira okalamba ku North York. Mukanawaona mu basi ya pa Finch atavala juzi yawo, chikwama pamiyendo, mukanati ndi mayi wa Mvano akuchokera ku mapemphero. Akatsegula pakamwa mpamene munkadziwa kuti mwaphonya. Munthuyo mutu wonse unali magalimoto a mpikisano. Sindikunena aja a mawilo apoyera, othamanga ola limodzi ndi theka basi nkukapuma. Amenewo iwo ankawatcha a ana asukulu. Awo anali a nyali ndi mawilo obisika, amene amathamanga maola sikisi, ena khumi ndi awiri, ena tsiku lathunthu, madalaivala akulandirana chiwongolero ngati amayi pamtondo.

Matendawa anawatengera ku Bulawayo kumene anabadwira mu 1942. Bambo awo anali mtchona wa ku Ntcheu, ankagwira ntchito pa galaja, ndipo bwana wawo akamapita kothamangitsa galimoto ankawatenga kuti azikanyamula matayala ndi zigubu za mafuta. Mathilda ndiye ankawapititsira chakudya. Anthu akuda sankaloledwa pa mipando, choncho mtsikanayo ankaonera kuseri kwa waya, ndipo poti pamenepo sipankaoneka bwino, bambo ake anamuphunzitsa kuzindikira galimoto ndi khutu. Banja litabwerera ku Malawi iye anaphunzira unamwino, nakwatiwa ndi a Ambrose, mphunzitsi wa masamu wa ku Chipata. Mu 1978 anasamukira ku Canada ndi mwana wawo mmodzi yekhayo, Selina.

Mu 1984 mpikisano wa dziko lonse lapansi wa magalimoto amenewa unafika pa bwalo lina kum'mawa kwa Toronto, ulendo wa ola limodzi pa msewu wa 401. A Ambrose anagula matikiti kuti akondweretse mkazi wawo, osadziwa kuti akudziputira ntchito. Kumeneko Mathilda anaona anthu ovala zoyera ataima m'makona, m'mbali mwenimweni mwa msewu, akukupiza mbendera. Atafunsa anauzidwa kuti ndi anthu ongodzipereka, malipiro awo ndi sangweji ndi khofi. Chaka chotsatira analembetsa, nalembetsanso amuna awo asanawauze nkomwe. Kuyambira pamenepo kona ya chinayi, ya m'munsi mwa chitunda, inakhala yawo zaka khumi ndi ziwiri.

Mbiri ya mpikisanowo ankaidziwa kuposa mbiri ya mtundu wawo. Pa tebulo ankaiyamba mu 1953, nkudutsa nthawi ya Jaguar ndi Ferrari, kubwera kwa Ford, kulamulira kwa Porsche, mpaka zaka zimene galimoto iliyonse inkapimiridwa mafuta, woyendetsa mosasamala nkuthera panjira. Zaka zimenezo ndiye ankazikonda, amati zinkafuna nzeru za mayi wa pakhomo. Mpikisano wa dziko lonsewo utatha mu 1992, anakhala sabata yathunthu asakulankhula bwino ndi munthu. A Ambrose ankauza alendo kuti alowe mwakachetechete, m'nyumba muno muli maliro. Mwamwayi a ku America anapitiriza wawo, ndipo chilimwe chilichonse ankawolokabe malire kubwera pa bwalo lija.

Ine ndine Medson, wa ku Dedza. Ndinabwera mu 1991 kudzaphunzira pa yunivesite, kenako ndinapeza ntchito pa kampani ya makompyuta ku Markham, ndipo mu 1995 ndinakwatira Selina. Ndinakula ndikuona bambo anga akupatuka m'njira kulowa m'chimanga akaona apongozi awo akubwera. Ulemu umenewo ndinaunyamula wonse m'ndege, ndipo sindichita nawo manyazi. Zaka ziwiri za ukwati sindinakhalepo pa sofa imodzi ndi mayi Likongwe, sindinawayang'anepo m'maso, sindinatafunepo kanthu iwo akuona. Ankakhala pa fulo ya 14. Tikafikira limodzi pa khomo la nyumbayo, iwo ndi Selina ankakwera chikepe, ine nkuyamba masitepe.

Selina anakulira kuno, Chichewa amamva chonse koma amayankha m'Chingerezi. Zangazi zinkamuseketsa mpaka misozi. Amayi ake sankaseka. Iwo ankadziwa chimene ndikuchita ndipo ankachilandira bwinobwino. Akafuna kundiuza kanthu, ngakhale ndili pomwepo, ankayang'ana mwana wawo nkuti, "Uwauze amuna ako kuti galimoto yawoyo ikulira moipa kumanzere."

A Ambrose anamwalira mu Januwale 1997, mtima. Anali munthu wofatsa ndipo ndinawalira kwambiri. Chisanu chitayamba kusungunuka, kunabwera telefoni kuchokera kwa Malcolm, mzungu wachikulire wa ku Oakville amene ankagawa anthu a mbendera m'makona. Nkhani yake inali ya khutu. Zaka zonsezo za phokoso zinawapha amayi khutu lakumanzere, ndipo linalo linkangomva za pafupi.

Apa ndifotokoze mmene anthu a pakona amagwirira ntchito, poti ine ndinazidziwa mochedwa. Amaima awiri, moyang'anizana, pafupi kwambiri. Wa mbendera yachikasu amayang'ana kumene magalimoto akupita, kuti ina ikagwa ngozi achenjeze obwera m'mbuyo. Ndiye kuti magalimoto onse amamudzera kumsana, sawaona. Mnzake wa mbendera yabuluu amayang'ana kumene akuchokera, modutsa pa phewa la mnzakeyo. Ntchito yake yolembedwa ndi kuuza dalaivala woyenda pang'ono kuti waliwiro ali m'mbuyo. Ntchito yake yeniyeni ndi kukhala maso a msana wa mnzake. Chinthu chikamabwera, amaliza wezulo kapena kukuwa, ndipo zikavuta amamukokera pansi. Amayi wezulo sankaimvanso. A Ambrose anali atazolowera kuima dzanja lili pa lamba wa mkazi wawo mpikisano wonse.

Malcolm anati popanda munthu wotero sangawaikenso pakona. Anzawo onse anali kale awiriawiri, ndipo panalibe amene ankafuna kusenza moyo wa munthu wosamva. Anawapatsa mpando m'nsanja ya oyang'anira mpikisano, azikalemba manambala a magalimoto akamadutsa.

Lamlungu lotsatira tinapita kukawaona. Ndinakhala pa kampando ka pafupi ndi khomo monga mwa nthawi zonse.

"Ine ndikakhale pa tebulo ndi pensulo ngati kalaliki wa pa msika?" anatero kwa Selina. "Uwauze amuna ako kuti sukulu ya mbendera ikuyamba Meyi. Ndawarejisitala kale."

"Mum, you can't just sign people up," anatero Selina.

"Bambo ako ndinawachita zomwezo, anadandaula?"

Ndinavomera nthawi yomweyo. Mkamwini sawiringula, komanso ndinkaona kuti konayo ndi imene inawatsalira. Ndinaphunzira mbendera zonse, ndinaima m'mipikisano ing'onoing'ono ndi anthu ena, ndipo ndinkachita bwino, poti maso ndili nawo akuthwa. Nthawi yonseyo amayi anali m'nsanja ndi pensulo yawo, nkhope ili gwa. Malcolm anati mayeso athu adzakhala pa mpikisano waukulu wa mu Ogasiti. Akakhutira, kona ya chinayi ndi yawo. Akapanda kukhutira, nkhani yatha, asadzaiyambitsenso.

Chimene sindinachiganize bwino miyezi yonseyo ndi chakuti munthu woima naye maso ndi maso adzakhala ndani.

Loweruka, tsiku loyeserera, tinafika pakona m'mawa. Panali kakhoma ka simenti kofika m'chiuno, kuseri kwake malo oima anthu awiri, kumbali kampando ka mayi wa telefoni yolumikizana ndi nsanja. Amayi anavala ovolosi yoyera, anamanga lamba wachikopa wokhuthala, nafulatira kumene magalimoto amachokera. Nkhope yawo inali apa, yanga apa. Miyendo yanga inabwerera yokha mapazi atatu. Mbendera ndinailandira ndi manja awiri, bondo litapinda pang'ono, mayi wa telefoni uja akudabwa. Kuti ndione msewu ndinayenera kuyang'ana pa phewa lawo, ndiye ndinapendekera kumbali, khosi litapotoka ngati nkhuku yoona mphamba.

Magalimoto atayamba kutsika chitundacho ndinamvetsa chimene chinawagwira amayiwa ali mwana. Phokoso lake limalowera kumapazi. Iwo osatembenuka nkomwe ankatchula ndi khutu limodzi lomwelo, "Ferrari iyo. Iyi ndi ya injini ya Ford." Galimoto ikadutsa, inalidi imeneyo. Anali munthu wina pamenepo, wowongoka, wachimwemwe, ndipo ndinasangalala kuwaona choncho ngakhale ndinkawaonera m'mbali mwa diso.

Cha m'ma 2 koloko galimoto ina inakwera pa miyala ya m'mphepete, chidutswa cha bodi yake nkuthothoka. Ndinachiona bwinobwino chikuuluka molunjika kwa ife. Dzanja langa linanyamuka, nkuima m'malere. Pakamwa panga panatuluka mawu akuti, "Amayi, pepani, tasunthani pang'ono." Chidutswacho chinamenya khoma, nkugwera pafupi ndi nsapato yawo. Iwo anachiyang'ana, nandiyang'ana. Tsoka ilo, Malcolm anali ataima kuseri kwathu, akuyendera makona.

Anandiitanira pambali.

"Medson, sindikudziwa kuti munayambana chiyani ndi Tilda," anatero, "koma zimenezo muzisiye kunyumba."

"Sitinayambane. Ndi amayi a mkazi wanga. Kwathu timawalemekeza, sitiwagwira."

Si munthu woipa, anayesetsa kumvetsa.

"Ulemu wakowo umupha," anatero. "Mawa ndibweranso. Ndikakupeza uli kutali choncho, ndimuchotsa pakati pa mpikisano, ndipo ndidzamuuza kuti chifukwa chake ndi iwe."

Tinauyamba ulendo wobwerera. Amayi anakhala kumbuyo monga mwa masiku onse. Mumtima ndinali wokwiya, ndi Malcolm, ndi dziko la eni ake limene chilichonse chabwino chimene unaphunzira kwanu chimasanduka cholakwa. Kunyumba nditamufotokozera Selina, sanaseke ulendo uno.

"It's a belt, Medson. Just hold it," anatero. Kenako anawonjezera m'Chichewa chake chopindikacho, chimene amachitulutsa zinthu zikafika povuta, "Ndi mayi anga. Ndilibe ena."

Lamlungu m'mawa tinaimika galimoto pa udzu, pakati pa matenti a anthu oonera. Ndikutulutsa mbendera m'buti, ndinamva mawu kumbuyo kwanga.

"Apongozi."

Ndinatembenuka kufunafuna amene akutumidwa. Panalibe Selina, panalibe wina aliyense. Ankalankhula ndi ine.

"Wawa, amayi."

"Tayang'anani apa."

Analoza lamba wawo cha kumanja. Chikopa chonse chinali chofiirira, koma pamenepo panali pakuda, posalala, popindika pang'ono, kukula kwake ngati chikhatho cha munthu.

"Dzanja la apongozi anu aamuna limenelo," anatero. "Zaka thwelofu. Inu mukuganiza kuti ine sindinaleredwe? Mwambo ndimaudziwa, ndipo mmene mumandisungira ulemu ndimanyadira, ndimauza anzanga kutchalitchi. Koma manyazi anapha lambe. Pakona paja palibe mpongozi. Pali wachikasu ndi wabuluu. Tikabwerera ku North York mukapitirize masitepe anu."

Ndinati ndamva. Kumva ndinamvadi, koma thupi lili ndi mutu wake. Mpikisano utayamba ndinaima pafupi, pafupi moti ndinkamva fungo la mafuta awo odzola, ndipo ndinkayang'ana pa phewa lawo molunjika. Dzanja lokha linakana. Linali lendee pafupi ndi lambayo, osamukhudza. Malcolm anadutsa ola loyamba, anayang'ana dzanjalo, nalemba kanthu m'kabuku kake. Sanawachotse, koma sanamwetulire.

Mpikisano wautali uli ndi ulesi wake. Pofika ola lachitatu magalimoto amakhala atabalalika, aliwiro akupitirira oyenda pang'ono pena paliponse, ndipo wabuluu sapuma. Dzuwa linali litatentha, mkono unkawawa. Ndiye pamwamba pa chitunda panatulukira ziwiri zitagundana mapewa, yaikulu ikufuna kudutsa yaing'ono pamalo posadutsika. Zinakhudzana. Yaing'onoyo inazungulira, kumbuyo kwake nkumenya khoma la tsidya lina, ndipo wilo linachoka lathunthu. Linadumpha kamodzi pakati pa msewu, kachiwiri m'mphepete, ndipo ndinaona kuti kachitatu lidutsa pamwamba pa kakhoma kathu. Amayi ankayang'ana kutsogolo kwawo, mbendera ili m'manja, osadziwa kanthu.

Sindikumbuka kuti ndinaganiza. Ndikumbuka chikopa chija m'dzanja langa, chofunda, zala zitalowa ndendende mopindika muja. Ndinakoka ndi mphamvu zonse, dzanja lina ndinawakumbatira pakhosi, tonse nkugwera pansi pa khoma, ine pamwamba pawo. Pamutu pathu panadutsa mphepo. Wilo linaphwanya chigubu cha madzi chimene chinali pomwe iwo anaima, nkupitirira kukagwera m'tchire.

Ndisanapume nkomwe anandikankha ndi chigongono. Anadzuka chogwada, natulutsa mbendera yachikasu pamwamba pa khoma nkuyamba kuikupiza mwamphamvu, poti galimoto ija inali itatsetsereka nkuima chopingasa kutsogolo kwathu, ndipo zina zisanu zinali kutsika chitunda. Zonse zinachepetsa liwiro nkuizemba. Dalaivala anatuluka yekha, wamoyo, akutukwana m'chinenero chake. Amayi anaimirira, bondo la ovolosi litang'ambika, nafulatiranso msewu.

"Wabuluu, malo anu," anatero.

Ndinaima pamalo panga. Dzanja ndinaliika pa lamba, ndipo silinachokepo mpaka mbendera yomaliza.

Mpikisano utatha Malcolm anabwera wapansi. Mayi wa telefoni anali atamuuza kale zonse. Anayang'ana chigubu chophwanyikacho, nayang'ana bondo la amayi.

"Tilda, ukapite kwa dokotala."

"Ndine namwino, Malcolm. Kona yanga bwanji?"

"Ndi yako, bola akhale uyu," anatero akundiloza. "Akadzasiya iye, nawenso wasiya."

Titafika pa galimoto manyazi onse amene ndinawaiwala pakona anabwerera pamodzi. Ndinali nditagwetsa apongozi anga pansi, pamaso pa anthu, nkuwagonera. Bambo anga akanamva akanadwala. Ndinagwada pa udzu pomwepo, azungu akudutsa ndi mabokosi awo a mowa.

"Amayi, ndakugwirani mosayenera. Mundikhululukire."

"Nkhuku mubweretse," anatero. "Yamoyo, osati za mufiriji za kuno. Mukaipeza kuti, izo ndi zanu. Dzukani, anthu aziti ndakumenyani."

Anatsegula chikwama chawo natulutsa magolovesi achikopa, akale, zala zake zitapindika kale. Ndinawadziwa, anali a malemu a Ambrose. Ndinatambasula manja awiri, iwo nkugwira dzanja langa limodzi, nawaika mmenemo, osalisiya msanga.

"Chimwalirire a Ambrose," anatero, "ndimayenda ndikucheuka. Mu basi, kuntchito, m'nyumba mwanga momwe. Lero maola awiri omalizawa sindinacheuke."

Ndinalira, ndipo sindibisa.

Ku North York tinafika dzuwa lisanalowe. Bondo linali litatupa, ankatsimphina. Pa khomo la nyumba yawo ndinayang'ana chitseko cha masitepe, iwo nkuyang'ana chikepe.

"Ndinati mukapitirize masitepe anu," anatero, "koma muyambe mawa."

Anatsamira pa mkono wanga, ndipo tinakwera limodzi mpaka pa 14.